Mayeso a Giredi 12 ku Kabwe: zimene peresenti ya sukulu imabisa

Kumayambiriro kwa chaka, nduna ya zamaphunziro ikangomaliza kulengeza zotsatira za mayeso a Giredi 12 ku Lusaka, mafoni amayamba kutentha. Ku Natuseko, monganso ku Bwacha, Ngungu, Katondo ndi m'makomboni ena onse a Kabwe, mwana amalemba nambala yake ya mayeso, chaka ndi giredi, n'kutumiza uthenga ku 8383. Kawirikawiri foniyo imakhala ya amayi kapena ya achimwene, choncho yankho likamalowa pamakhala mitu itatu kapena inayi yowerama pa kagalasi kamodzi. Funso loyamba limadziwika kale: wapeza mapointi angati? Pasanathe masiku awiri funso lina limalowa m'misika ndi m'maminibasi: nanga sukulu yakutiyakuti yakhoza bwanji chaka chino? Apo n'kuti masukulu ena ataika kale pa Facebook chithunzi cha ana ali mu yunifomu, pamwamba atalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti 100%. Ena amangoti zii, ndipo anthu amatenga kukhala chete kwawoko ngati kuvomera mlandu.

Nambala imeneyi ili ndi mphamvu. Chifukwa cha iyo kholo limasamutsa mwana, limakongola ndalama za fizi ya sukulu yolipira, limanyoza aphunzitsi amene silinawaonepo ali pa bolodi. Ahedi amene sukulu yawo yatsika amayenera kukafotokoza kwa akuluakulu a zamaphunziro. Koma ine ndikuona kuti peresenti ya sukulu, ikaima payokha, imatiuza zochepa kwambiri za ntchito imene yagwiridwa m'kalasi, ndipo amene imawalakwira koposa ndi masukulu oyendera amene amalandira ana a m'makomboni ngati Natuseko.

Tiyambe ndi kukhozako. Mayesowa amakonzedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia, lomwe aliyense amangoliti ECZ. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1983, ndipo kale ana a m'dziko muno ankalemba mayeso a Cambridge. Phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 ndi 4 ndi meriti, 5 ndi 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kugwa. Amene analemba MSCE ku Malawi sangadabwe nazo, poti kawerengedwe kake n'kofanana: mapointi ochepa ndiye abwino, ndipo wopeza 6 ndiye amene dzina lake limamveka mpaka pa wailesi. Kuti mwana apatsidwe School Certificate ayenera kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi ndi kirediti imodzi, kapena maphunziro asanu ndi makirediti awiri, ndipo m'njira zonse ziwirizi Chingerezi chiyenera kukhalamo. M'zaka zaposachedwapa, m'dziko lonse, pafupifupi ana awiri mwa atatu alionse olemba ndiwo amaipeza.

Tsopano tiyerekeze ana awiri a kalasi imodzi. Mtsikana wapeza 7 pa Chingerezi, 8 pa Masamu, 8 pa Sayansi, 7 pa Bayoloje, 6 pa Civic Education ndi 7 pa maphunziro a zachipembedzo. Akawonkhetsa ndi mapointi 43. Malinga ndi lamulo, wakhoza, ndipo dzina lake lakweza peresenti ya sukulu. Mnyamata wapeza 2 pa Masamu, 3 pa Sayansi, 3 pa Bayoloje, 3 pa Commerce, 4 pa Jogalafe, 4 pa Civic Education, koma Chingerezi chamugwetsa ndi 9. Iyeyu sapatsidwa School Certificate, amangolandira satifiketi ya GCE, ndipo pa tebulo la zotsatira watsitsa sukulu yake. Koma funsani mphunzitsi aliyense kuti mwa awiriwa ali pafupi ndi koleji ndani. Mnyamatayo akangobwereza phunziro limodzi pa mayeso a GCE a pakati pa chaka, zitseko zatseguka. Mtsikanayo ayenera kubwereza maphunziro anayi, ndipo lililonse ndi lolipira, pa nyumba imene ufa umagulidwa m'timapaketi ta pamela tsiku ndi tsiku.

Zili choncho chifukwa chimene makoleji amafunsa ndi makirediti asanu, Chingerezi chili pomwepo, ndipo pa maphunziro ambiri amafunanso Masamu ndi sayansi. Mwana wa ku Natuseko safunika kupita kutali kuti aone khomo lotsekedwali. Kwame Nkrumah University, yomwe inayamba ngati koleji ya aphunzitsi mu 1967, ili m'tauni momwemu. Mulungushi University ili chapafupi pa msewu wa ku Kapiri Mposhi. Kuli sukulu ya unamwino, kuli Kabwe Institute of Technology. Sukulu ikhoza kulengeza 100% pamene theka la ana ake silingalowe pa khomo la yunivesite ngakhale imodzi mwa ziwirizo. Sindikupeputsa satifiketi. Chisinthireni malamulo a dziko mu 2016, ngakhale wofuna kuimira ukhansala amafunsidwa pepala la Giredi 12, ndipo ntchito zambiri zolembedwa sizilandira munthu wopanda pepalalo. Koma kholo likamva kuti sukulu yakhoza, limaganiza za unamwino ndi uphunzitsi, pamene nambalayo ikunena za chinthu chotsikirapo.

Chachiwiri ndi chachikulu kuposa choyambachi. Masukulu a sekondale salandira ana ofanana. Kwa zaka zambirimbiri mayeso a Giredi 7 ndi a Giredi 9 akhala ngati sefa, ndipo mawu amene makolo onse amawadziwa ndi akuti cut-off point. Opambana kwambiri m'dziko amapita ku masukulu ngati Hillcrest ku Livingstone ndi David Kaunda ku Lusaka. Otsatira amatengedwa ndi masukulu ogonera komweko ndi a mishoni, ndipo kuno mayina ngati Caritas Convent ndi St Paul's Mulungushi amatchulidwa ndi ulemu pakati pa makolo. Ana ochuluka a m'makomboni amagawidwa m'masukulu a boma a m'tauni, monga Kabwe Secondary, Kalonga, Bwacha, Highridge ndi Mukobeko, komanso m'masukulu amene kale anali a pulayimale n'kuwakweza kukhala a sekondale. Sukulu imene inasankha ana apamwamba ikatulutsa zotsatira zapamwamba patatha zaka zitatu, yagwiradi ntchito, ndipo sindikufuna kulanda aphunzitsi ake ulemu wawo. Komabe kuiika pa mzere umodzi ndi sukulu imene inalandira aliyense wobwera kuli ngati kuyamika mwini dimba kuti ndi mlimi woposa mnzake wa munda wa pamtunda, chaka chimene mvula inadula mu Januwale.

Ku Malawi nkhani ndi yomweyi: zotsatira za MSCE zikatuluka, masukulu a boma ogonera ndi a mishoni amakhala pamwamba, masukulu oyendera a CDSS pansi, ndipo anthu amaiwala kuti ana anagawidwa kale ndi mayeso a Sitandade 8.

Palinso ana amene saoneka n'komwe pa tebulo la zotsatira. Peresenti imawerengedwa pa amene anakhala pansi n'kulemba. Mtsikana amene anatenga mimba ali Giredi 10 osabwereranso, ngakhale lamulo lolola atsikana otere kubwerera kusukulu lilipo kuyambira 1997, sawerengedwa. Mnyamata amene anasiya kuti azikankha wilibala pamsika, kapena azikatola miyala pa chimulu cha zotsalira za mgodi chimene amachitcha Black Mountain, sawerengedwa. Mwanjira imeneyi sukulu imene yataya ana ake ofooka panjira imaoneka yabwino kuposa imene aphunzitsi ake anayenda m'komboni kukawatenga kuti adzalembe. Dziko la Kenya linaona kumene zoterezi zimathera. Kumeneko masukulu ena ankakakamiza ana ofooka kubwereza kalasi kapena kuwalembetsa mayeso pa malo ena kuti dzina la sukulu lisade, ndipo mu 2014 boma linaletsa kusanja masukulu pa mndandanda wa opambana.

Kabwe ali ndi katundu wina amene matauni ena alibe, ndipo amene akukamba za mayeso kuno osamutchula akukamba theka la nkhani. Tauniyi, yomwe mpaka 1966 inkatchedwa Broken Hill, inamangidwa pa mgodi wa mtovu ndi zinki umene unagwira ntchito kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mpaka 1994. Mgodi unatsekedwa, ntchito zinatha, koma mtovu unatsala m'dothi. Umauluka ndi fumbi la mu Ogasiti, umakhala pabwalo pamene mwana akukwawa, pa masamba a m'mbali mwa nyumba, pa zala zimene zikupita kukamwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene tinganene kuti ndi wosavulaza, ndipo ukafika mamaikulogalamu 5 pa desilita limalangiza kuti gwero lake lifufuzidwe ndi kuchotsedwa. Chimene mtovu umawononga mwa mwana wamng'ono ndi ubongo umene ukukula: kumvetsera, kukumbukira, kukhazikika pa chinthu chimodzi, zomwe ndi zimene mayeso amayesa. Ndipo chimene chawonongeka sichibwerera msanga, nthawi zina sichibwerera konse.

Akatswiri a ku University of Zambia ndi a ku Hokkaido University ya ku Japan anayeza magazi a anthu oposa 1,000 m'madera osiyanasiyana a Kabwe, Natuseko ali pomwepo, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2020. Anapeza kuti mtovu ndi wochuluka kwambiri m'makomboni oyandikana ndi mgodi. Ku Kasanda avereji inaposa mamaikulogalamu 40, Makululu ndi Chowa akutsatira, ndipo mlingo umatsika munthu akamatalikira mgodiwo. Natuseko sali m'gulu la madera oopsa kwambiriwo. Koma sukulu ya sekondale siimika mpanda pakati pa makomboni. Pa desiki limodzi pamakhala wa ku Natuseko, wa ku Makululu ndi wina amene banja lake linasamuka ku Kasanda iye ali ndi zaka zisanu. Mu 2020 maloya anakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi pafupifupi 140,000, akuimba mlandu kampani ya Anglo American South Africa, yomwe ikukana. Mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu, ndipo odandaulawo anachita apilo. Pamene zonsezi zikuyenda m'makhoti, ana amene anabadwa mgodi utatsekedwa kale akulemba pepala lofanana ndi la mwana wa ku Chipata kapena ku Mongu.

Pano ndiyenera kusamala. Sindikunena kuti ana a ku Kabwe ndi operewera nzeru. Tauniyi yatulutsa madokotala, maloya, aphunzitsi ndi mainjiniya, ena a iwo ochokera m'makomboni omwe ndatchulawa. Chimene ndikunena n'chakuti mphunzitsi wa kuno amene wanyamula mwana wovutika kumvetsera n'kumufikitsa pa kirediti ya Masamu wachita chinthu chachikulu, ndipo palibe tebulo limene limamulembera zimenezo.

Mu Januwale 2022 boma la Hakainde Hichilema linachotsa fizi m'masukulu a boma mpaka Giredi 12, ndipo chaka chomwecho linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Kwa mabanja a ku Natuseko, kumene ambiri amadya za pa kantemba, za salaula ndi za maganyu chitsekedwereni mgodi ndi fakitale ya Mulungushi Textiles, ichi chinali chinthu chenicheni. Ana amene ankabwezedwa pa geti chifukwa cha ngongole ya bungwe la makolo ndi aphunzitsi la PTA anabwerera. Koma anabwerera m'makalasi omwe aja. Desiki la ana awiri linayamba kunyamula atatu kapena anayi, ndipo ndalama za chitukuko za CDF, zomwe zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu mu 2022, zinayamba kugwiritsidwa ntchito kugula madesiki ndi kumanga makalasi. Taganizani za mphunzitsi wa Chingerezi amene ali ndi makalasi anayi odzaza. Akapereka chimangirizo chimodzi, amanyamula mulu wa makope wofika m'chiuno. Kuti awerenge lililonse bwinobwino, kulemba mzere wofiira pansi pa chiganizo chopindika ndi kumufotokozera mwana cholakwa chake, ndi ntchito ya mausiku angapo. Adzapereka zimangirizo zingati pa temu? Pomwe luso lolemba limabwera ndi kulemba kawirikawiri, ndipo Chingerezicho ndicho chimasunga kiyi wa satifiketi.

Sukulu imene inatsegula geti n'kulandira ana amene anakhala pakhomo chaka kapena ziwiri inachita zimene dziko linaipempha. Ngati peresenti yake inatsika pang'ono, kumeneko si kulephera.

Onaninso ulendo wa ana amene analemba Giredi 12 mu 2024. Analowa Giredi 8 mu Januwale 2020, ndipo pa 20 Malichi masukulu anatsekedwa chifukwa cha COVID-19. Makalasi a mayeso anabwerera mu Juni, koma iwo anadikira mpaka Seputembala. Maphunziro a pa TV ndi pa intaneti anathandiza amene anali nazo. Chaka chawo chomaliza chinayamba mochedwa ndi kolera, poti masukulu amene amayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Kenako chilala chinaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse, m'miyezi yomwe mwana amafunika kuwerenga usiku. Wa kusukulu yogonera anali ndi nthawi yake ya prep, nthawi zina ndi jenereta. Wa ku Natuseko anali ndi tochi ya foni imene inafunikanso kutchajidwa, atatha kutunga madzi ndi kuphikira ang'ono ake pa mbaula. Onsewa anakumana pa pepala limodzi mu Novembala.

Muzu wa vutoli uli pansi kwambiri kuposa Giredi 12. Pa kafukufuku wa PISA for Development amene Zambia inachita nawo mu 2017, ana asukulu a zaka 15 amene anafika pa mlingo wochepetsetsa woyenera pa kuwerenga anali 5 mwa 100 alionse, ndipo pa masamu anali pafupifupi 2. Aphunzitsi a sekondale amadziwa tanthauzo la manambala amenewa popanda kuuzidwa. Amalandira mwana wokhoza kukopera zonse za pa bolodi ndi dzanja lokongola, koma wosatha kunena ndi mawu ake chimene ndimeyo ikunena. Kunyumba amalankhula Chibemba, Chinyanja kapena Chilenje, ndipo funso la Bayoloje limamugwetsa pa chinenero asanafike n'komwe pa Bayolojeyo. Mu 2023 boma linathetsa zoti mwana aliyense wa Giredi 7 azingopitirira ngakhale walephera, chomwe chinali kuvomereza kuti ana ankakankhidwira kutsogolo asanakonzeke.

Tikamakweza nambala imodzi pamwamba pa zonse, anthu amaifuna m'njira iliyonse. Apa ndi pamene pamachokera msika wa matuishoni, umene umasiya kunja mwana wopanda ndalama, ndi msika woipa kwambiri wa malikeji. Mu Okutobala 2018 pepala la Masamu la Giredi 9 linayenda pa mafoni lisanalembedwe, ndipo nduna ya nthawiyo, David Mabumba, inaimitsa mayeso m'dziko lonse. Ku Malawi mayeso a MSCE a 2020 anathetsedwa ali pakati chifukwa cha kubedwa kwa mapepala, ana n'kulembanso mu Januwale 2021. Amene amavulala kwambiri ndi mwana woona mtima, amene anakonzeka ndi mabuku obwereka n'kuuzidwa kuti ayambirenso. ECZ imatha kufafaniza zotsatira za wopezeka akubera, ndipo ana ambiri amene amagula mapepalawa pa WhatsApp amapeza tsiku la mayeso kuti anagula mphepo.

Njira ina yoyezera sukulu ilipo, ndipo siifuna mayeso atsopano. ECZ ili ndi zotsatira za mwana yemweyo pamene ankamaliza pulayimale ndi pamene akumaliza sekondale. Kuziika pamodzi kungaonetse kuti sukulu inalandira ana a mlingo wanji ndipo inawafikitsa pati. Ku England anayamba kuchita zoterezi mu 2016 ndi muyeso wotchedwa Progress 8, umene umayerekeza mwana ndi anzake amene anayamba sekondale ali pa mlingo wofanana. Uli ndi zofooka zake, koma unaulula masukulu a m'madera osauka amene ankagwira ntchito yaikulu mosadziwika, komanso ena otchuka amene ankangodyera ana amene anabwera ali anzeru kale. Ndikukhulupirira kuti muyeso wotere utabwera ku Kabwe, masukulu ena oyendera amene timawadutsa osawayang'ana angatidabwitse.

Nthawi yake ndi ino, poti dongosolo likusintha. Kuyambira Januwale 2025 maphunziro atsopano anayamba: pulayimale zaka zisanu ndi chimodzi, kenako Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndi Fomu 5 ndi 6 kwa opitirira. Mayeso a Giredi 9 akuchoka, ndipo ana amene anayamba Fomu 1 mu 2025 adzalemba mayeso awo aakulu mu 2028. Izi zikutanthauza kuti kwa zaka zinayi kholo silidzakhala ndi pepala la ECZ loliuza mmene mwana akuyendera. Lidzadalira sukulu yokha, ndi zimene sukuluyo ikufuna kunena.

Choncho pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ahedi akaimirira n'kunena peresenti, m'manja muombedwe ndithu, kenako kholo lina likweze dzanja. Lifunse kuti ana amene anayamba kalasi imeneyi anali angati, ndipo amene analemba ndi angati. Lifunse kuti opeza makirediti asanu okhala ndi Chingerezi, Masamu ndi sayansi ndi angati, ndipo atsikana pakati pawo ndi angati. Lifunse ngati sukulu ili ndi aphunzitsi a Masamu okwanira kalasi iliyonse, ngati labotale ili ndi zipangizo kapena ana amangojambula m'makope zimene sanazigwirepo, ndiponso ngati amene agwa phunziro limodzi amathandizidwa kulembetsa GCE nthawi isanathe. Manambala onsewa ali kale mu ofesi ya ahedi ndi ya aphunzitsi a guidance, ndipo palibe lamulo loletsa kholo la ku Natuseko kuwapempha kuti awerengedwe pamaso pa onse.